Boti lakale lolondera panyanja lili pakhomo pathu ku Kasungu: tingalipereke bwanji ku myuziyamu?

NaPhiri wa ku Chankhanga

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru pa nkhani imene yatigawanitsa pabanja pathu. Malume athu, amene anatisiya chaka chatha, anali msilikali ndipo zaka zambiri za ntchito yawo anazithera ku Monkey Bay. Atapuma pantchito anagula boti laling'ono lachitsulo pa okushoni ya katundu wa boma, n'cholinga choti azinyamulira anthu ndi matumba a usipa m'madoko a ku Nkhotakota. Bizinesiyo sinapite patali chifukwa zipangizo za injini sizinkapezeka, choncho analikweza pa lole n'kubwera nalo kuno, ndipo kuyambira nthawi imeneyo lakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, moti anthu a m'dera lathu amalozera alendo njira ponena kuti akakhote pa nyumba ya boti.

Malume ankanena kuti botili linali lolondera panyanja, ndipo pali zizindikiro zimene zikugwirizana ndi mawu awowo. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 8. Penti wabuluu amene iwo anapaka wayamba kusupuka, ndipo pansi pake pakuoneka penti wotuwa pamodzi ndi manambala ofufutika mbali zonse ziwiri za kutsogolo. Pamphuno pake pali chitsulo chozungulira chokhala ndi mabowo a mabawuti, chimene ana amati panali mfuti, ndipo pafupi ndi injini pali kachitsulo ka mkuwa kolembedwa mawu, koma kada ndi girisi.

Mwezi watha kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha, anagogoda uku ndi uku n'kutchula mtengo, ndipo asuweni anga ena akufuna kuti tigulitse, tigawane ndalamazo, nkhani ithe. Mmodzi akuti tilipente bwino n'kulibwereketsa kwa mwini malo ogona alendo kuti likakongoletse pabwalo. Ine mtima wanga ukukana zonse ziwiri, popeza ndikuona kuti chinthu chimene chinatumikira dziko chiyenera kukhala pamene ana a sukulu angachione ndi kumva mbiri yake. Ndikufuna kudziwa mmene tingatsimikizire kuti linalidi la asilikali, myuziyamu imene ingalilandire, ndiponso ngati nkoyenera kuyamba talikonza ndi kulipenta kuti akuluakulu akabwera kudzaliona asachite nalo manyazi. Mvula ili pafupi, ndipo sindikufuna kuti lithe dzinja lina lili momwe lililimu.

Mwale, wowotcherera wopuma pantchito

Pepani ndi maliro a malume anu, aNaphiri. Ine ndinagwira ntchito yokonza masitima kunyanja mpaka pamene maso anayamba kundivuta, choncho ndiyankhapo pa za chitsulo zokha, za mbiri ndi za malamulo ndisiyira ena.

Musalipente, ndipo musalole munthu aliyense kulipala ndi makina kapena bulashi yawaya. Penti wakaleyo, ngakhale akuoneka wonyansa, ndi amene akusunga umboni wanu, chifukwa manambala ofufutikawo akachotsedwa palibe amene adzawabwezere, ndipo munthu wodziwa amatha kupala kadontho kakang'ono n'kuwerenga mitundu ya penti kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kudziwa kuti botilo linadutsa m'manja mwa anthu angati. Amene adzabwere kuchokera ku myuziyamu sadzachita manyazi ndi dzimbiri, koma adzakhumudwa akapeza penti watsopano wonyezimira.

Boti lachitsulo likakhala pamtunda silifa ndi dzuwa, limafa ndi madzi amene amagona m'mimba mwake. Pansi pa mtengo wa mango ndiye poipa kwambiri, popeza masamba ndi zipatso zimagwera m'kati, zimaola, n'kusanduka matope akuda amene sauma ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Mukazula matabwa a pansi mupeza matopewo atadzaza pakati pa nthiti za boti, ndipo mukawachotsa ndi fosholo yaing'ono muona dzimbiri likusupuka m'zigamba zokhuthala. Kunja chitsulo chimaoneka chabwinobwino mpaka tsiku limene chidendene cha munthu chidzaboola. Choncho ntchito yoyamba ndi kutapa matope onse, kutsuka ndi madzi oyera, kutsegula kabowo kotulutsira madzi kakumbuyo ngati kalipo, ndi kusiya m'katimo muume. Kenako tengani kahamala kakang'ono muzigogoda pang'onopang'ono: pamene chitsulo chili chamoyo pamalira bwino, pamene chadyeka pamamveka phuphuphu. Malo oterowo muwazungulize ndi choko n'kuwajambula, koma musawotcherere chigamba chilichonse panopa.

Pambuyo pake lichotseni pansi pa mtengo ndipo lisakhudzenso dothi. Kulemera kwake kukhale pa msana wa boti, pa matabwa olimba a bulugamu oikidwa pamwamba pa njerwa zootcha, ndipo zochirikiza za m'mbali zigunde pamene pali nthiti, osati pakati pa nthiti, chifukwa pamenepo chitsulo chimabonyoka. Pakati pa njerwa ndi thabwa muikepo kachidutswa ka lata, popeza chiswe cha kwathu kuno inu mukuchidziwa. Mphuno ikwere pang'ono kuposa kumbuyo kuti madzi olowa mwangozi azitsetsereka okha. Pamwamba pamangidwe denga lokhala ngati la chigafa cha fodya, lopanda makoma kuti mphepo izidutsa, koma likhale la malata chifukwa udzu ndi woopsa pa moto. Anthu ambiri amalakwitsa pokulunga boti ndi tenti kapena pulasitiki wakuda, osadziwa kuti usiku chitsulo chimatuluka thukuta m'katimo, ndipo chinyezi chotsekeredwacho chimawononga kuposa mvula yeniyeniyo.

Injini musayese kuiliza. Chotsani batire ngati ilipo, khuthulani dizilo wakale ndi madzi, ndipo makaniko wodziwa za mathirakitala athire oyilo woyera m'masilinda n'kupaka girisi pazitsulo zonse zoyenda. Girisi si chinthu chochipeputsa. Ajeremani asanamize sitima yawo ya Graf von Goetzen pafupi ndi Kigoma mu 1916, zimanenedwa kuti anayamba apaka girisi wambiri pa makina ake, ndipo itavuulidwa inabwerera pantchito mu 1927 ndi dzina lakuti Liemba, n'kutumikira pa nyanja ya Tanganyika kwa zaka zambirimbiri. Chenjerani ndi nsalu yoyera yofumbutuka imene ingakhale itakulungidwa pa paipi ya utsi, chifukwa maboti akale ankagwiritsa ntchito asibesitosi, ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Ana asasewerenso m'katimo.

Kachitsulo ka mkuwa kaja mukapukute ndi nsanza yonyowetsa m'parafini, osati sandipepala, ndipo mukajambule pafupi kwambiri dzuwa likuwomba chammbali kuti zilembo zioneke. Popeza ogula zitsulo aliona kale botilo, ndikukulangizani kuti mukamasule bwinobwino n'kukasunga m'nyumba pamodzi ndi masikuluwu ake, chifukwa mkuwa ndi umene umayamba kusowa usiku.

Banda, mphunzitsi wa mbiri ku Mtunthama

Malangizo a a Mwale okhudza penti ndikuwalandira ndi manja awiri. Mayi Phiri, ndisananene kumene mungafufuze, ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake nkhani yanu si yaing'ono.

Nyanja yathu ili ndi mbiri yaitali ya zombo za nkhondo, koma zombo zenizenizo tinazitaya pafupifupi zonse. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima ya boma la atsamunda yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Edmund Rhoades, inaoloka nyanja n'kukapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakwezedwa pamtunda pa doko la Sphinxhafen, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Anaiwombera n'kuilemaza, ndipo nkhani imasimbidwa kuti kaputeni wa Ajeremani, amene anali bwenzi la Rhoades, anapalasa kaboti kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, popeza uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Lero mukapita ku Mangochi Guendolen simuipeza. Chimene chinatsala ndi mzinga wake, umene uli pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria kufupi ndi mlatho wa pa Shire, ndipo m'kati mwa Lake Malawi Museum muli chifaniziro chochita kumanga cha mbali ya kutsogolo ya sitimayo ndi pamalo poyendetsera. Pafupi ndi nsanja yomweyo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anafa pamene sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946. Ophunzira anga akafika kumeneko amasangalala, koma funso lawo loyamba limakhala lakuti sitima yeniyeniyo ili kuti.

Sitima ya Chauncy Maples ndi chitsanzo china chopweteka mtima. Inapangidwa ku Glasgow mu 1899, inabwera m'zidutswa, inayamba kuyenda panyanja mu 1901, ndipo inatchedwa dzina la bishopu wa Anglican amene anamira mu 1895 n'kuikidwa ku Nkhotakota. Pa nkhondo yoyamba inanyamulanso asilikali. Zaka zapitazo panali ntchito yofuna kuisandutsa chipatala choyenda pamadzi, ndalama zinasonkhedwa kunja, koma ntchitoyo sinafike pamapeto. Ngati sitima yotchuka chotero imavuta kuisamala, boti laling'ono ngati lanu lili ndi mwayi umodzi waukulu, wakuti limakwana pansi pa denga la malata ochepa.

Za nthawi ya ufulu wodzilamulira ndiye zosungidwa n'zochepa kwambiri. Pamene Apwitikizi ankamenyana ndi Frelimo anali ndi maboti olondera ku Metangula, doko la nyanja yomweyi kumbali ya Mozambique, ndipo ena mwa maboti awo anaperekedwa ku Malawi, limodzi n'kutchedwa John Chilembwe. M'zaka za m'ma 1980 asilikali athu analandira boti lopangidwa ku France limene linadzatchedwa Kasungu, dzina la boma lathu lino, ndiponso lina laling'ono lochokera ku South Africa. Mwana wa sukulu amene akufuna kuona ndi maso mmene malire a panyanja ankalonderedwera m'nthawi ya Kamuzu alibe kolowera.

Komabe ndikuchenjezeni kuti penti wotuwa ndi chitsulo chozungulira pamphuno si umboni wokwanira. Apolisi anali ndi maboti, a nthambi ya za usodzi anali nawo, a Malawi Young Pioneers, amene analandidwa zida mu Disembala 1993, nawonso anali ndi katundu wambiri amene pambuyo pake anamwazikana, ndipo chitsulo chimene ana akuti panali mfuti chikhoza kukhala poikapo nyali yaikulu younikira usiku kapena chokokera nangula. Zimenezi sizichepetsa phindu la botilo, koma myuziyamu siyingalembe pa chikwangwani zimene banja likungokhulupirira. Lembani kalata ku likulu la Malawi Defence Force ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, muikemo zithunzi, manambala a pamphuno ndi nambala ya ntchito ya malume anu, mupemphe kuti ifike kwa asilikali a pamadzi ku Monkey Bay. Funsaninso ku dipatimenti ya za maulendo a pamadzi, chifukwa boti lonyamula anthu limayenera kulembetsedwa, ndipo ngati malume anu analembetsa, m'kaundula mungakhale dzina la mwini wake woyamba. Ku National Archives ku Zomba kumasungidwa mafayilo akale a boma, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ili ndi zithunzi ndi zolemba zambiri zokhudza nyanja.

Chofunika kuchita mwachangu kuposa makalata onsewa ndi kupeza anzawo a malume anu amene akali moyo. Amene anabwera kumaliro atavala mamendulo muwayendere, muwaonetse zithunzi, ndipo mujambule mawu awo pafoni iwo atavomera, chifukwa mmodzi wa iwo akhoza kulizindikira botilo pongoona kapangidwe ka kumbuyo kwake, n'kutchula ndi amene ankaliyendetsa.

Zulu wa kwa Kamwendo, Mchinji

Ine ndikuona mosiyana, ndipo mundikhululukire ngati ndikuthira madzi pamoto. Ndinafikako pamalo ena osungira zinthu zakale n'kupeza makina aakulu ali panja, udzu utamera m'magudumu, denga kulibe, chikwangwani chitafufutika. Ogwira ntchito pamalopo sindiwada, chifukwa ndalama zimene amalandira sizikwana ngakhale kukonza madenga a nyumba zimene ali nazo kale. Nanga banja lilipire lole, kreni ndi mafuta kuchokera ku Kasungu mpaka ku Mangochi, kuti botilo likaole kumeneko m'malo moola kuno? Malemuwo anasiya ana ndi adzukulu amene akufuna fizi ndi feteleza. Asuweni amene akufuna kugulitsa musawaone ngati anthu osakonda mbiri ya dziko, iwo akuwerengera za mawa. Ngati myuziyamu ikulifunadi, ibwere ndi galimoto yake ndipo ipereke kangachepe kwa banja. Ikalephera, jambulani zithunzi, sungani kachitsulo ka mkuwa ndi chiwongolero, zotsalazo zipite pa sikelo.

NaPhiri wa ku Chankhanga

Zikomo kwambiri nonse. A Zulu, mawu anuwo ndi omwe asuweni anga akunena, ndipo sindikuwatenga ngati chipongwe. Loweruka tinatapa matope monga anenera a Mwale, ndipo malo odyeka tawapeza pakati pa nthiti za kumbuyo, koma kutsogolo konse chitsulo chikulira bwino. Kachitsulo ka mkuwa titakapukuta kaonetsa dzina la kampani yopanga maboti, nambala, ndi chaka cha m'ma 1970 chimene nambala yake yomaliza yafufutika. M'sutikesi ya malume tapezamo lisiti ya okushoni yokhala ndi chidindo cha boma, buku laling'ono limene ankalembamo maulendo ndi mafuta, ndiponso chithunzi chimene ali ndi anzawo atavala yunifolomu pa boti looneka ngati lomweli. Malume sanasiye wilo. Kodi ine monga mdzukulu wawo wa kuchikazi, amene ndikusunga pakhomopo, ndingasaine ndekha kalata yopereka?

NaMbewe, amene anagwirapo ntchito yosamala zinthu zakale

Achemwali, yankho la funso lanu lomalizali ndi lakuti ayi, ndipo ndi bwino kuti mwafunsa musanalembe kalata iliyonse. Myuziyamu siyingalandire chinthu kuchokera kwa munthu amene si mwini wake, chifukwa mawa mwana wa malemu akhoza kubwera kudzachiitanitsa, nkhani n'kufika kukhoti. Ngakhale kuti mwambo wathu wa Achewa umalemekeza a kuchikazi pa zinthu za malume, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi wa malemu, ana awo ndi ena amene ankadalira iwo, ndipo pamene palibe wilo, amene angasaine ndi yekhayo amene wapatsidwa mphamvu zoyendetsa chumacho. Pitani ku ofesi ya DC mukafunse mmene zimenezi zimayendera, ndipo onse oyenera kulandira gawo avomere polemba, a mwinimbumba ndi a mfumu ali mboni. Ngati ena akukana chifukwa cha ndalama, njira yachilungamo ndi yakuti inu ndi amene akugwirizana nanu mupereke kwa iwo gawo lawo la mtengo umene ogula zitsulo anatchula, kuti botilo likhale lanu lopanda mangawa.

Zimene mwapeza m'sutikesi ndi zamtengo wapatali kuposa mmene mukuganizira. Boti lopanda mapepala ndi chitsulo chabe, koma boti limene lili ndi lisiti, buku la maulendo, chithunzi ndi mawu a anthu amene analikwera limakhala chinthu choti n'kuphunzitsira. Ku Imperial War Museum ku London kuli kaboti ka asodzi kotchedwa Tamzine, kosafika mamita 5, kamene kanathandiza kupulumutsa asilikali ku Dunkirk mu 1940. Kapangidwe kake n'kosadabwitsa, ndipo kakanakhala kopanda mbiri yotsimikizika palibe akanakapatsa malo. Mapepala anuwo musawamate ndi selotepi kapena kuwakutira ndi pulasitiki wa makina otentha uja, muwasunge m'envulopu pamalo ouma, ndipo kulikonse kumene mukupita muzinyamula mafotokope okha.

Ma myuziyamu a boma, monga ya ku Chichiri ku Blantyre, ya ku Mzuzu ndi ya ku Mangochi, ali pansi pa dipatimenti imodzi yoona za ma myuziyamu ndi zikumbutso, choncho kalata yanu ipite kwa mkulu wa dipatimentiyo, ndipo mutchule kuti mukuganizira za ku Mangochi popeza ndi kumene nkhani za nyanja zimasonyezedwa. M'kalatamo mukhale miyeso ya botilo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, zithunzi za mbali zonse kuphatikizapo malo odyekawo, ndi mbiri yake yolekanitsa bwino zimene zili ndi umboni ndi zimene malume ankangosimba. Musabise dzimbiri, chifukwa iwo akuyenera kuwerengera ndalama zimene adzawononge chaka ndi chaka.

Pamenepa ndi pamene ndikugwirizana ndi a Zulu pang'ono. Walira mvula walira matope, ndipo myuziyamu ikalandira boti yalandiranso denga, simenti, mlonda, oyilo ndi munthu woliyang'anira mpaka kalekale. Kwa anzathu kunja ndalama zake n'zoopsa. Sitima yamatabwa ya Vasa ku Stockholm, imene inamira mu 1628 n'kuvuulidwa mu 1961, anaipopera mankhwala kwa zaka 17 kuti matabwa asang'aluke pouma. Sitima yachitsulo ya Great Britain, imene inabwezeredwa ku Bristol mu 1970 kuchokera ku zilumba za Falkland, inamwa mchere wa m'nyanja yaikulu kwa nthawi yaitali, moti mbali yake ya pansi anaitsekera ndi galasi ndipo makina amaumitsa mpweya usana ndi usiku kuti chinyezi chikhale pafupifupi 20 peresenti. Ife tili ndi mwayi wakuti nyanja yathu ilibe mchere woterowo, choncho boti lanu likakhala pouma, pansi pa denga, losakhudza dothi, dzimbiri limayenda pang'onopang'ono kwambiri. Ndi chifukwa chake sindikuvomereza zoti lipite pa sikelo lero, popeza zimene likufuna n'zotheka ndi ndalama za kuno kwathu.

Pali njira ziwiri zoperekera. Mukapereka ngati mphatso, umwini umachoka kwa inu kotheratu, ndipo simungalamule kuti likhale poonekera nthawi zonse, ngakhale mungapemphe kuti dzina la malume lilembedwe pa chikwangwani. Mukabwereketsa kwa zaka zingapo, limakhalabe lanu, koma myuziyamu kawirikawiri siikonda kuwonongera ndalama zambiri pa chinthu chimene mwini wake angadzachitenge. Ine ndingasankhe mphatso, koma pokhapokha mutaona ndi maso anu pamene likaikidwe, ndipo chikalata chopereka chinene momveka amene adzamange denga ndi zimene zidzachitike ngati tsiku lina adzaganiza zolichotsa. Kugula ndiye musayembekezere kwambiri.

Akakana musakhumudwe, chifukwa kukana koona mtima kuli bwino kuposa kulandira n'kulisiya pamtetete. Mukhoza kufunsa ku sukulu yophunzitsa za masitima ku Monkey Bay kapena kwa asilikali eni ake, amene angafune kuliika pakhomo pawo ngati chikumbutso. Mukhozanso kukambirana ndi khonsolo kapena sukulu ya kuno kuti likhale ku Kasungu komwe kuno, chifukwa ana ambiri a kwa Chulu, kwa Santhe kapena kwa Wimbe amafika mpaka Fomu 4 asanaonepo nyanja, ndipo zimenezi ndikuziona kuti n'zaphindu kuposa kukaliika pakati pa anthu amene amaona maboti tsiku lililonse. Mukadzamva munthu wakunja akufuna kuligula kuti apite nalo kwawo, muyambe mwafunsa ku dipatimenti ija, popeza lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kutulutsa zinthu zina zakale m'dziko popanda chilolezo. Ndipo ngati poyeretsa mungapeze chipolopolo kapena chilichonse chooneka ngati chida, musachigwire, itanani apolisi.

Mwale, wowotcherera wopuma pantchito

Ndiwonjezereko za kanyamulidwe, chifukwa maboti ambiri amawonongeka tsiku lowasamutsa kuposa zaka zonse zimene anakhala pansi. Ngati kumbuyo kwadyeka monga mwanenera, musalole woyendetsa kreni kukola unyolo pa zitsulo zogwirira za m'mbali kapena pa chitsulo cha pamphuno chija, chifukwa zidzazuka pamodzi ndi umboni wanu. Pakhale malamba aakulu a nsalu odutsa pansi pa boti pamene pali nthiti zolimba, ndipo pakati pa malambawo pamwamba pakhale mtengo wopingasa kuti asafinye mbali za boti. Kalipentala akhome kaye chikhazikitso cha matabwa chotsata mimba ya botilo, ndipo likwere pa lole lili m'chikhazikitsocho, chimenenso chidzakhale pokhalira pake kumene likupita. Injini ikhoza kutsitsidwa n'kuyenda payokha, koma mabawuti ake aikidwe m'matumba olembedwa bwino.

Ngati ulendo ndi wa ku Mangochi kapena ku Monkey Bay, musadzere njira yotsika phiri ya ku Golomoti kuchokera ku Dedza, popeza makona ake ndi akuthwa ndipo katundu wamtali amagwedezeka. Dzerani ku Salima n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, nthawi ya chilimwe, chifukwa m'dzinja madzi amatha kuwononga milatho ya kumeneko. Musanavomere mtengo wa lole, yezani msinkhu wa boti lili pamwamba pa galimoto ndipo muyende ndi ndodo yoyezera kuchokera pakhomo panu mpaka pa M1, kuona mawaya a magetsi ndi nthambi zotsika. Eni malole amene amanyamula fodya ndi feteleza nthawi zina amayenda opanda katundu ulendo umodzi, ndipo mukakambirana nawo msika wa fodya utatsekedwa mtengo umatsika. Koma zonsezi zidikire kalata yovomera yochokera kumene likupita. Chaka chino mangani denga lokha, ndipo mizati yake muikumbire motalikirana kuti lole idzathe kulowa chobwerera m'mbuyo popanda kugwetsa chilichonse.